Mapu a Nazitsime

Ku ofesi ankamutchula Nazitsime chifukwa sankadutsa chitsime osasuzumiramo. Anzake ankati mwamuna wofuna kumukwatira ayambe wakumba dzenje pabwalo, apo ayi mkaziyo sadzakhazikika pakhomo. Iye ankangoseka. Ntchito yake inali yoyeza madzi a pansi pa nthaka, ndipo chaka chimenecho anamupatsa ntchito yaikulu kuposa zonse zimene anagwirapo: kujambula mapu osonyeza malo amene madziwo angaipitsidwe mosavuta.

Ankayenda ndi chingwe chokhala ndi kachitsulo kumapeto, kamene kamalira kakakhudza madzi. Akafika pa chitsime kapena pa mjigo, ankatsitsa chingwecho kuti aone kuti madzi ali patali bwanji. Kenako ankakumba pambali n'kufikisa dothi m'manja. Dongo limagwira zoipa, silizilola kutsika msanga. Mchenga ulibe mwambo, chilichonse chimene wauthira umachipititsa pansi. Ankaonanso kutsetsereka kwa malo ndi mtundu wa thanthwe. Akalowetsa zonsezi mu kompyuta, mzinda unkatuluka wamitundumitundu: kobiriwira kumene madzi ndi otetezeka, kwachikasu kumene kuli pakatikati, kofiira kumene chilichonse chotayidwa pansi chimakafika m'madzi.

Kumunsi kwa mzinda, kumene iye anabadwira, kunatuluka kofiira ngati chilonda.

Sanadabwe. Chitsime cha amayi ake chinali chachifupi moti mvula ikagwa bwino, munthu ankatunga atangogwada. Kunali mchenga wokhawokha, ndipo pansi pa mchengawo pankadutsa madzi amene mijigo ikuluikulu ya mzinda inkapopa. Anali atamvanso kuti kampani ina ya magalimoto onyamula mafuta ikufuna malo kufupi ndi komweko. Mtima wake unamuuza kuti mapuwo aletsa kampaniyo, ndipo akuluakulu a mzinda akakamizika kuikira anthu a kumunsi mapaipi a zonyansa m'malo mwa zimbudzi zokumba.

Anakawauza amayi ake Lamlungu lina masana. Anawapeza pakhonde akusoka yunifomu ya mwana wa eni, makina awo akale akulira ngati akutafuna miyala. Kutsogolo kwa nyumba mchimwene wake wamng'ono ankawotcherera geti, ndipo mkazi wake ankachapa pafupi ndi chitsime, kamwana kawo kakakazi kakusewera ndi thovu.

“Ndiye akatiikira mapaipiwo, chimbudzi chikhala m'nyumba?” anafunsa amayiwo osaimitsa makina.

“M'nyumba momwemo, amayi.”

“Munthu kudyera momwemo, kuchitira momwemo. Sukulu yako ili ndi zodabwitsa.”

Onse anaseka, ngakhale mlamu wake wa manyazi uja.

Bwana wamkulu wa ofesi ankamutchula a Mwetulira, chifukwa ankamwetulira polemba munthu ntchito, ankamwetuliranso pomuchotsa. Anayamikira mapuwo kwambiri, ndipo anati Nazitsime apite nawo kumsonkhano wa akuluakulu a mzinda kuti azikasintha zithunzi pamene iwo akulankhula. Chipinda cha msonkhano chinali chozizira, chokhala ndi tebulo lalitali ndi mabotolo a madzi osatsegula. Mapu ataoneka pakhoma, a Mwetulira analoza pofiira paja ndi kandodo.

“Apa ndi pamene pali matenda a mzinda wathu. Anthu awa akukhala pamwamba pa madzi amene inu ndi ana anu mumamwa. Nyumba iliyonse ili ndi dzenje lake. Sindikufuna kunena zambiri, nthawi ya nkhomaliro yayandikira.”

Anthu anaseka. Wina wa mimba yaikulu anakankhira botolo lake patali n'kunena kuti ngati ndi choncho, anthuwo achoke. Nazitsime anadzuka.

“Pepani, mapuwa sakunena kuti anthu achoke. Akunena kuti malowa atetezedwe. Tikaika mapaipi…”

A Mwetulira anamugwira paphewa mwaulemu.

“Mwana wathuyu ndi wa komweko, anabadwira pofiira pomwepa. Muone kulimba mtima kwake. Ngati mwini wake wapaka kwawo kofiira, ife ndife yani kuti timutsutse?”

Anthu anamuwombera m'manja. Wa mimba uja anafika pomuuza kuti dziko likufunika atsikana otere. Nazitsime anangokhala pansi.

Mapuwo anasindikizidwa aakulu n'kukhomedwa pamsika wa kumunsi, pambali pa chidziwitso choti anthu asamuke. Pakona ya m'munsi panali dzina la wojambula. Tsiku lisanathe nkhani inali m'kamwam'kamwa. Azimayi amene anasiya nsalu zawo kwa amayi ake kuti zisokedwe anabwera kudzazitenga zili zodulidwa kale. Geti limene mchimwene wake anawotcherera, mwini wake analikana. M'mawa wina banjalo linapeza chitseko chitapakidwa penti yofiira, ndipo mlamu wake atatsitsa ndowa m'chitsime anakoka mphaka wakufa.

Nazitsime anafika tsiku lomwelo. Palibe anamupatsa mpando. Amayi ake ankapala penti pachitseko ndi mpeni wa kukhitchini.

“Amayi, ine sindinanene zimenezi. Anapotoza mawu anga.”

“Dzina lili papepala lija ndi la ndani?”

“Ndi langa, koma…”

“Ndinakupatsa ndine dzina limenelo. Ndinkati ndikutumiza kusukulu kuti ukatenge nzeru, osadziwa kuti ndikunola mpeni. Unkabwera pano kumatsitsa chingwe chako m'chitsime changa, ine n'kumakufulira tiyi ndi madzi omwewo. Sunafe. Wakula ndi madzi amenewa mpaka kumera mano otilumira.”

“Bwerani mudzakhale kwa ine. Chipinda chilipo.”

“Kuti ndizikagona m'nyumba imene wagula ndi nyumba za anzanga? Chotsa mwendo, ndikupala.”

Akatapila ogwetsa nyumba anabwera m'mawa wina kunja kukutentha kale. Anthu anawapakira m'malole pamodzi ndi malata awo n'kukawatsitsa kuphiri, kunja kwa mzinda, kumene kunalibe msewu weniweni. Amayi aja anapita ndi mwana wawo wamwamuna, makina osokera ali pamiyendo. Kumunsi kunamangidwa mpanda wa waya ndi chikwangwani chonena kuti malowo ndi otetezedwa. Mvula ya chaka chimenecho itatha, Nazitsime anadutsako ndipo anaona magalimoto a mafuta atandandalikana mkati mwa mpandawo. Anyamata ankawatsuka ndi mapaipi, madzi akuda akulowa mumchenga pamene panali khonde la amayi ake.

Anapita kwa a Mwetulira osagogoda.

“Vuto linali zimbudzi, mwana wanga,” anatero bwanayo. “Galimoto unaionapo ili ndi chimbudzi?”

Anamuuzanso kuti amukweza paudindo, ndipo ntchito yake yotsatira ikhala yokulitsa mapu aja kuti afike kumadera a kunja kwa mzinda. Limodzi mwa maderawo linali kuphiri kuja.

Nazitsime anayamba ndi madera ena onse, kuphiri n'kumakuzengereza, mpaka kunalibenso kwina kopita. Atafikako anapeza nyumba za njerwa zosawotcha, zina zopanda zitseko, ndi mjigo umodzi pakati, pamene azimayi ankapanga mzere ndi zigubu. Pamwamba nthaka inali ya dongo, ndipo mtima unayamba kukhala pansi. Koma atakumba pang'ono, khasu linagunda thanthwe. Dongolo linali lopyapyala ngati chikopa, ndipo thanthwe la pansi pake linali long'alukang'aluka. Anafunsa mayi wina ngati madzi a pamjigo amasintha mvula ikagwa. Mayiyo, asanamuzindikire, anati amada tsiku lomwelo. Pamenepo anadziwa kuti ming'aluyo imatsitsa madzi molunjika, popanda chowasefa. Kumeneku kunali kofiira kuposa kumunsi.

Wina anamuzindikira. Mzere wa pamjigo unapasuka, anthu anayamba kumuzungulira, ena atatola miyala. Mchimwene wake anatulukira, anamugwira pamkono n'kumukokera m'nyumba mwake. M'nyumbamo munali mdima ngakhale anali masana, chifukwa mawindo anali otsekedwa ndi makatoni. Mlamu wake anali atapita kumsika ndi mwana. Amayi awo anali pampando pakona, ataonda, makina awo atavindikiridwa ndi chiguduli.

“Achemwali, mwabweranso ndi chingwe chanu,” anatero mchimweneyo. “Mwapeza chiyani?”

Nazitsime anafotokoza za dongo ndi za thanthwe. Mchimwene wake anamvetsera mpaka kumapeto, akupukuta manja ake a zipsera pa ovolosi.

“Ndiye mukapaka kofiira.”

“Ndi mmene kulili.”

“Njerwa izi ndaumba ndekha. Anthu angoyamba kumene kundipatsa moni. Mukapakanso kofiira, atisamutsanso, ndipo ulendo uno sadzathera pa mphaka. Adzatiwotchera m'nyumba. Inu muli ndi geti ndi mlonda. Ife tili ndi makatoni.”

Nazitsime anayang'ana kwa amayi ake. Chisamukire amayiwo anali asanamulankhulepo.

“Chibadwire chako sindinakupemphepo kanthu,” anatero amayiwo. “Ukalembe kuti kuno ndi kwabwino. Ukatero ndidzadziwa kuti ndinabereka munthu.”

Nazitsime anachita zimenezo tsiku lotsatira, anzake atapita kukadya. Sizinali zovuta. Pamene panafunika kulemba thanthwe long'aluka analemba dongo lakuya, ndipo phiri lonse linasanduka lobiriwira. Lamlungu lake anapita kukawauza. Amayi ake anamuuza kuti akhale pansi, ndipo anamufunsa chifukwa chake waonda. Kamwana kaja kanakhala pamiyendo pake n'kumaseweretsa ndolo zake. Anabwerera kwake mtima uli mbee, ngati munthu wochira malungo.

A Mwetulira anakondwa nawo mapu atsopanowo kuposa oyamba aja. Mzinda unali ukusowa malo okatayako zonyansa zimene magalimoto amapopa m'zimbudzi, ndipo malo onse apafupi anali achikasu kapena ofiira. Tsopano panapezeka phiri lobiriwira, lakutali ndi nyumba za anthu olemera. Maiwe otayamo zonyansazo anakumbidwa kumtunda kwa nyumba za anthu osamutsidwa aja, ndipo magalimoto anayamba kukwera phirilo tsiku ndi tsiku.

Nazitsime analowanso mu ofesi ya bwanayo, n'kutseka chitseko.

“Bwana, maiwe aja sangakhale pamene paja. Pansi pake pali thanthwe long'aluka.”

“Mapu akuti pali dongo.”

“Mapuwo ndi olakwika.”

“Alakwika okha?”

A Mwetulira anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi, pang'onopang'ono.

“Tiye tione. Ukanena kuti unanama, ntchito yatha, mwinanso ukaonekera kukhoti. Phiri lija likhala lofiira, ndipo malo ofiira ukudziwa chimene timachita nawo. Amayi ako akwerenso lole. Ukakhala chete, aliyense akhala pamene ali. Ine sindinamve kanthu, makutu anga ndi okalamba. Pita ukaganize, usathamange.”

Anaganiza, ndipo anakhala chete. M'malo mwake anayamba kupita kuphiri mapeto a sabata iliyonse ndi zigubu za madzi a pampopi wa kwake. Anamuitanira mchimwene wake kuseri kwa nyumba n'kumuuza kuti asamamwe za pamjigo, ndipo auze anthu onse kuti aziwiritsa madzi.

“Ndikawauze kuti chiyani? Kuti achemwali anga ananama?”

“Unandiuza ndiwe kuti ndiname.”

“Ine ndinakupemphani kuti tisasamutsidwe. Za magalimoto a manyi sindinatchulepo. Ine ndi wowotcherera, thanthwe ndilidziwira kuti? Wophunzira ndinu.”

Zigubuzo sizinakhalitse. Anthu oyandikana nawo anayamba kufunsa chifukwa chimene banja limodzi lokha likumwera madzi ochokera m'tauni. Tsiku lina Nazitsime atangotsitsa zigubu, amayi ake anazikokera pabwalo n'kuzikhuthula pansi anthu akuona.

“Ife timamwa zimene anzathu akumwa,” anatero mokweza, kuti a nyumba zonse amve. “Ndauza kale mwanayu kuti kunyada kwake azikusiya kwake komweko.”

Nazitsime anafuna kumuuza mlamu wake zoona zake, koma mchimwene wake sankawasiya awiri. Anangokwanitsa kumunong'oneza kuti madzi a mwana aziwiritsa. Mlamuyo anavomera mwaulemu, koma nkhuni kuphiriko zinali zosowa, ndipo mwamuna wake anali atamuuza kuti pepala la boma likuti madziwo ndi abwino.

Mvula yoyamba inagwa yamphamvu, maiwe anadzaza. Sabata isanathe anthu anayamba kutsekula m'mimba, kuyambira ana. Nazitsime anamva nkhaniyo ku ofesi, ndipo atafika kuchipatala anapeza odwala atagona mpaka m'makonde, fungo la mankhwala ophera tizilombo likuwawa m'maso. Kamwana kaja kanali pabedi limodzi ndi mwana wina, maso atalowa, diripi ili pamutu chifukwa m'manja mitsempha inali itasowa. Kanamwalira madzulo a tsiku lotsatira, dzuwa lisanalowe.

Mlamu wake sanalire nthawi yomweyo. Anatuluka m'khonde mmene munali mwamuna wake, apongozi ake ndi Nazitsime, atanyamula kansapato kamodzi.

“Alamu, inu mumayeza madzi. Munati ndi abwino. Nanga zatheka bwanji?”

Nazitsime anayang'ana mchimwene wake. Iye ankayang'ana khoma. Kenako Nazitsime anayang'ana amayi ake.

“Muyankhe mlamu wako,” anatero amayiwo. “Ife tinakhulupirira iwe. Tikanadziwa bwanji ife osaphunzira?”

“Amayi, munandiuza ndinu.”

“Ndinakuuza chiyani? Ndinakuuza kuti uphe mdzukulu wanga? Usandiike mawu m'kamwa pamaso pa mwana wa eni.”

Ananena zimenezi osaphethira, ndipo Nazitsime anaona kuti amayi akewo akuzikhulupirira kale. Kumaliro anamuuza kuti asabwere.

Ana amene anamwalira anali ambiri moti nkhani inafika m'manyuzi. A Mwetulira anayambitsa okha kafukufuku, ndipo sanavutike kupeza pamene thanthwe linasandutsidwa dongo, tsiku lake ndi kompyuta yake. Anauza atolankhani kuti mtima ukuwapweteka chifukwa mtsikanayo ankamutenga ngati mwana wawo. Nazitsime anafotokozera ofufuza za tsiku limene anakawachenjeza bwanawo, koma panalibe mboni, ndipo wina anamufunsa kuti ngati ankadziwa, n'chifukwa chiyani sanapite kwina. Anamuchotsa ntchito, chiphaso chake anachilanda. Kukhoti sanamutengere, chifukwa mlandu ukanafukula zambiri. Mnzake wina wa mu ofesi anajambulanso mapu, phiri linakhala lofiira, ndipo malole anabweranso. Maiwe aja anatsala.

Nazitsime anasiya nyumba yake ija n'kukachita lendi chipinda chimodzi pafupi ndi depoti ya mabasi, kumene anapeza ntchito mu shopu yogulitsa mapaipi ndi zitsulo. Foni ya mchimwene wake inkangoitana. Kumene banjalo linatayidwa ulendo wachiwiriwu sankakudziwa, ndipo amene ankawafunsa ankanamizira kuti sakumuzindikira.

Patapita miyezi, tsiku lina masana, anaona mlamu wake ataima panja pa shopuyo ndi chikwama chachikulu ndi ndowa yodzaza mbale. Anali atameta tsitsi, nkhope itatha. Anati akubwerera kwa makolo ake, ukwati watha.

“Achimwene anu amamwa masiku ano. Akaledzera amalankhula. Anandiuza zonse, za tsiku limene ine ndinali kumsika.”

Nazitsime anagwira chitseko. Kwa nthawi yoyamba munthu wina ankadziwa zoona zake.

“Ndiye mwamva kuti sindinafune…”

“Ndamva. Anakukakamizani, ndipo apongozi ananama kuchipatala kuja. Ndinawauza pamaso, anandithira madzi otsukira mbale.” Anasuntha ndowa ndi phazi. “Koma alamu, tsiku lija munandinong'oneza kuti ndiziwiritsa madzi. Mpweya umene munanenera mawu amenewo ukanakwana kunena kuti m'madzimo muli imfa. Ndikanamubereka kumsana tsiku lomwelo, ndikanayenda wapansi. Munaopa amayi anu, munaopa bwana wanu. Ine ndi mwana wanga simunatiope.”

Nazitsime anafunsa kumene amayi ake ali. Mlamuyo anati akudwala miyendo, ndipo anthu a kumalo atsopanowo amawauza kuti anabereka mwana mmodzi yekha, wamwamuna. Dzina la malowo anakana kutchula.

“Ndithandizeni chikwamachi, basi inyamuka.”

Ananyamula chikwamacho pamutu mpaka m'depoti, akuphanyana ndi ogulitsa malonda ndi oitanira mabasi. Kondakitala anachiponya pamwamba n'kuchimanga. Mlamuyo anakwera, anakhala pampando wa kuwindo n'kuika ndowa pamiyendo. Nazitsime anaima pansi pa windolo kudikira kuti mwina anena kanthu kena. Mlamuyo anakoka galasi chifukwa cha fumbi. Basi itatuluka, Nazitsime anabwerera kushopu, kumene mwini wake anamukalipira chifukwa chosiya kasitomala akudikira.